Kutsuka Filimu Pakhomo M'nyengo ya Chisanu

Omvera athu, makamaka inu okonda kujambula ndi kamera ya filimu zithunzi zamakedzana za pa miyala ya ku Mphunzi, m'dera la Chongoni limene UNESCO idaliika m'kaundula wake mu 2006, tamverani. Musathire madzi pa zithunzizo pofuna kuti ziŵale, pakuti madzi amaziwononga.

Mukafika kunyumba, loŵetsani filimu m'kachitini kake mumdima wandiweyani. Mankhwala otulutsa chithunzi chakuda ndi choyera amafuna kutentha kwa madigiri 20. M'chisanu cha ku Dedza, mu Juni ndi Julayi, amagwira ntchito mwaulesi, ndipo chithunzi chimatuluka chotumbuluka. Choncho yambani mwaviika botolo lake m'madzi ofunda. Nthaŵi yake ikakwana, tsukuluzani filimuyo, thirani mankhwala okhazikitsa chithunzi, tsukaninso, ndipo muyanike pamalo opanda fumbi. Kumbukirani kuti filimu siitsukidwa kaŵiri.