Woweruza ziweto, amuweruza ndani?

Ku Domasi mwana amakula osaonapo hatchi ikumwa madzi mumtsinje. Ziweto zathu ndi mbuzi, nkhuku, abakha, nkhunda, ng'ombe zowerengeka kumunsi cha ku nyanja ya Chilwa, ndi nsomba za m'maiwe zimene anthu ambiri adaphunzira kuweta poonera malo a kafukufuku wa nsomba amene ali konkuno. Wofuna hatchi akwere phiri la Zomba, kumene ena akhala akusunga ochepa okweza alendo. Ngakhale nthawi ya atsamunda, Zomba ili likulu la dziko, mabwana ambiri ankayenda atanyamulidwa pa machila, chifukwa mahatchi sankachedwa kufa ndi kashembe ndi nthenda zina za kuno kotentha.

Komabe nkhani ya anthu amene amalamulira mipikisano ndi zionetsero za mahatchi ikutikhudza. Iwo atha zaka zoposa 100 akulimbana ndi funso limene ife timangoling'ung'udza pobwerera kuchokera ku chionetsero cha zaulimi: amene wanena kuti mbuzi iyi yaposa zinzake adamuika ndani, wayang'ana chiyani, ndipo akakondera tikam'nenere kuti?

Bungwe lalikulu loyang'anira masewero a mahatchi padziko lonse ndi FEI. Lidakhazikitsidwa mu 1921, likulu lake lili ku Lausanne m'dziko la Switzerland, ndipo lili ndi mabungwe a mayiko oposa 130. Chodabwitsa n'chakuti kwa zaka 60, kuyambira 1954 mpaka 2014, mpando wake waukulu sudachoke m'mabanja achifumu. Adayamba ndi Bernhard, mwamuna wa mfumukazi ya nthawiyo ya ku Netherlands. Mu 1964 adalowa Philip, mwamuna wa Mfumukazi Elizabeth, ndipo adakhalapo zaka 22, kenako n'kusiyira mwana wake Anne. Pambuyo pa Anne padabwera Pilar, mlongo wa mfumu ya nthawiyo ya ku Spain, ndipo mu 2006 adalowa Haya, mwana wa Mfumu Hussein ya ku Jordan. Munthu wamba adafika pampandowo mu 2014, Ingmar De Vos wa ku Belgium, amene kale anali mlembi wamkulu wa bungwelo. Tsono amene amati kuika mafumu patsogolo pa chilichonse ndi khalidwe la Amalawi okha sadaone bwino. Azungu nawo adaona kuti dzina la mfumu limatsekula zitseko ndi matumba a anthu andalama, monga momwe komiti ya chionetsero kwathu imadziwira kuti Gogo Chalo akavomera kubwera, anthu adzadzaza bwalo.

Kusiyana kudaonekera tsiku limene mlandu udalowa m'nyumba ya mtsogoleri mwini. Mu 2009 hatchi ya mwamuna wa Haya pa nthawiyo, Sheikh Mohammed wa ku Dubai, idapezeka ndi mankhwala oletsedwa m'thupi pa mpikisano wothamanga mtunda wautali. Haya adadzipatula pa nkhaniyo, bwalo la bungwelo lidaweruza, ndipo mfumu ya Dubai idaletsedwa kupikisana kwa miyezi 6. Mu 2015 bungwe lonse la dziko la United Arab Emirates lidaimitsidwa kwa kanthawi chifukwa cha nkhanza ndi chinyengo pa mipikisano yomweyo. Sindikunena kuti zonse zidayera. Ambiri amadandaulabe kuti andalama amapeza podutsira. Koma lamulo lidalembedwa mlandu usadabwere, ndipo lidagwira ngakhale mwamuna wa mwini mpando. Haya yemweyo ndiye adalimbikitsa zoti mtsogoleri akhale ndi malire a zaka, ndipo mayiko atam'tsegulira njira yoti apitirize, iye adatsika pakutha zaka 8.

Tibwere kwathu. Chionetsero cha zaulimi cha m'dera chimachitika anthu atakolola, nthawi zambiri pabwalo la sukulu. Alimi amamanga timisasa ta udzu, amayala mpunga, chimanga, nandolo, chinangwa, nsomba zouma, ndipo ziweto amazimangirira chakumbali pamthunzi. Oweruza amakhala alangizi, mwina ndi mlimi wachitsanzo mmodzi kapena awiri. Amayenda ndi mapepala m'manja, kunong'onezana, kulemba. Dzuwa likapendeka, zolankhula ndi magule zitatha, maina amaitanidwa, mlendo wolemekezeka amapereka khasu, ndowa, wilibala kapena thumba la feteleza, ntchemberezo zikululutira. Ambiri mwa oweruza athu ndi anthu oona mtima amene amayenda mitunda panjinga popanda chowonjezera m'thumba. Vuto n'lakuti chimene chili papepala lija mlimi sachidziwa. Mayi amene wakoka mbuzi yake kuchokera kumtunda kwa Malosa amabwerera nayo osauzidwa chimene chaichotsa pa nambala wani. Pamene palibe kufotokoza, miseche imalowa: uja ndi mlamu wake wa tcheyamani, uja amadyera limodzi ndi alangizi. Mwina ndi bodza, koma palibe chotsutsira.

Pa Olimpiki, mpikisano wa mahatchi oyenda mwa dongosolo umachitikira m'bwalo la mamita 20 m'lifupi ndi 60 m'litali. Oweruza 7 amakhala m'tinyumba tosiyana mozungulira bwalolo, osaonerana mapepala. Kuyenda kulikonse kumalandira malikisi kuyambira 0 mpaka 10, ndipo zonse zimaikidwa poyera pamodzi ndi dzina la wopereka. Woweruza amene malikisi ake amatalikirana ndi a anzake amaonekera kwa aliyense. Ndalama zomangira tinyumba 7 ife tilibe, ndipo sitikuzifuna. Chimene chili chaulere pamenepo n'chakuti aliyense alembe payekha, kenako anene poyera.

Koma pali phunziro lina lolemera kuposa limeneli, ndipo likuchokera pa zolakwa zawo. Woweruza sapereka mphoto chabe. Amauza alimi onse mtundu wa chiweto chimene ayenera kuweta, ndipo pakapita zaka 10 makola amadzaza ndi chimene iye adakonda.

Ku America, pa zionetsero za mahatchi a mtundu wa Quarter Horse, pali gawo limene hatchi imangoimitsidwa kuti aione maonekedwe. Oweruza adayamba kukonda zonenepa minofu kwambiri. Hatchi yamphongo yotchedwa Impressive, yobadwa mu 1969, inali ndi minofu yotero, idapambana, ndipo aliyense adafuna mbewu yake. Zidzukulu zake zidachuluka m'dziko lonselo. Patapita zaka, madokotala a ziweto adapeza kuti mbewuyo imanyamula nthenda ya kumtundu yotchedwa HYPP, imene imanjenjemeretsa minofu, kugwetsa hatchi, nthawi zina n'kuipha kumene. Akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Bungwe la mtunduwo, AQHA, lidachita kudikira mpaka 2007 kuti liyambe kukana kulembetsa ana otengera nthendayo kwa make ndi atate ake omwe.

Ku Tennessee zidafika poipa zedi. Oweruza ankakonda hatchi yokweza miyendo yakutsogolo m'mwamba kwambiri poyenda, tsono ophunzitsa ena adayamba kupaka mankhwala owotcha pamwamba pa ziboda ndi kumangapo maunyolo, kuti hatchi izinyamula mwendo msanga pothawa ululu. Boma la America lidaletsa zimenezi ndi lamulo la 1970, koma mu 1976 lidalola kuti eni zionetsero azisankha okha anthu oyendera mahatchiwo. Kafukufuku wa boma lomwelo wa mu 2010 adapeza kuti oyenderawo ambiri anali anthu a m'gulu lomwelo, ndipo sankafuna kukhumudwitsa owalemba ntchito. Pakati pa lamulo ndi kafukufukuyo padadutsa zaka 40, nkhanza zisadathe. Ndipo mu 2024, Charlotte Dujardin wa ku Britain, katswiri wa mamendulo agolide, adachoka pa Olimpiki ya ku Paris masiku ochepa isadayambe, itatuluka kanema yomuonetsa akukwapula hatchi m'miyendo mobwerezabwereza. FEI idamuimitsa chaka chimodzi. Adaulula nkhaniyo si woweruza kapena mkulu wa bungwe, koma munthu amene adajambula.

Zimenezi zimandiopsa ndikaganiza za mbuzi zathu. Pachionetsero maso a aliyense amathamangira tonde wamkulu wa mtundu wa Boer, uja woyera thupi, wofiira mutu, wochokera ku South Africa, kapena tambala wakuda wonyezimira wa Mikolongwe. Ndi zokongoladi, ndipo zikasamalidwa bwino zimapindulitsa. Koma kambuzi kachikuda kamene kaima pambali pake, kakang'ono, kamathothomathotho, kadapirira chilala, kamaswa mapasa, kamadya masamba a m'tchire nthawi ya dzinja kali pachingwe, ndipo sikadalire mankhwala ogula mwezi ndi mwezi. Thadzi lachikuda limafungatira mazira lokha ndi kuteteza anapiye kwa kabawi. Ngati mphoto chaka ndi chaka ipita kwa chachikulu ndi chonyezimira, tikuuza mlimi wosauka kuti ataye chimene chimam'sunga, atenge chimene sangathe kuchidyetsa mwezi wa Okutobala udzu utauma.

Pamenepa ndi pamene ife tili ndi chuma chimene a ku Lausanne angachisirire. Imani pamsika wa Songani muone mayi wachikulire akugula msoti wa mbuzi woti akawete. Sayamba ndi kukula. Amaugwira chibwano n'kuutsekula kukamwa: mano aakulu awiri kutsogolo ndiye kuti wangopitirira chaka, onse 8 atakwana ndiye kuti ndi nkhalamba imene akuibisa zaka. Amakoka chikope cha m'munsi ndi chala. M'kati mukakhala mofiira bwino ali ndi magazi, mukayera ndiye kuti njoka zam'mimba zaumaliza. Amasisita msana, amayang'ana pansi pa mchira ngati ukutsekula, amagwira bere, amadzutsa mwendo kuona ziboda. Kenako amafunsa funso limene silioneka ndi maso: make amaswa angati? Mayi ameneyu sadapite ku koleji ya zaulimi, koma akuweruza ngati munthu amene adzagona ndi zotsatira za chiweruzo chake. Woweruza wa ku Tennessee akapereka riboni amakwera galimoto n'kumapita, ululu n'kutsala ndi hatchi.

Ndiponso abale athu Achisilamu, amene ndi ochuluka m'dera la Mfumu Malemia, ali ndi muyeso wodziwika kwa aliyense pa mbuzi ya nsembe ya Eid: ikhale yokwana chaka, yosachita khungu, yosatsimphina, yosadwala, yosaonda. Palibe ofesi imene imatumiza oyendera, koma wogulitsa ndi wogula onse amaudziwa muyesowo asadakumane, ndipo n'chifukwa chake mkangano suchuluka. Bwalo la kwa anyakwawa nalo limatiphunzitsa chimodzimodzi. Mlandu umakambidwa anthu onse akumva, nduna zimafunsa, ankhoswe amayankha, ndipo mfumu isadagamule imabwereza nkhani yonse kuti wogonja adziwe chimene chamugonjetsa. Tsono kuweruza kwa chinunu, kwa pepala lobisa, sikuchokera ku makolo athu. Kudabwera ndi ulangizi wa nthawi ya atsamunda, pamene bwana ankayendera munda, kuyeza mizere, n'kusankha yekha mlimi woti alandire ulemu. Domasi amazidziwa bwino zimenezi, chifukwa boma lidasankha dera lino mu 1949 kukhala poyesera ntchito ya chitukuko cha m'midzi, ndipo malamulo a malimidwe a zaka zimenezo anthu ambiri adawada chifukwa ankabwera ndi chindapusa m'malo mwa kukambirana.

Chimene tikusowa ndi chochepa, ndipo mbali ina tingabwereke kwa anthu a mahatchi popanda manyazi. Makomiti athu ambiri alibe tsiku lotsikira. Tcheyamani amakhalapo mpaka atatopa yekha, ndipo kum'funsa kumaoneka ngati chipongwe. Zolemba za mbewu tilibe, kotero tonde wopambana chaka chino sitidziwa ngati ana ake adakhala moyo. Kope limodzi la sukulu losungidwa ndi mlembi wa kalabu lingakwanire pa zimenezi, makamaka m'magulu a mbuzi zopatsirana kumene kale amalemba amene walandira ndi amene wapatsira mnzake.

Inu a komiti amene mukonze chionetsero chikubwerachi ku Domasi, lengezani zoyang'ana mwezi umodzi chisadachitike, m'Chichewa ndi m'Chiyao, kutchalitchi, kumzikiti ndi pamsika. Pakati pa oweruza ikanipo amayi awiri oweta mbuzi osankhidwa ndi alimi anzawo, ndipo wachibale wa wopikisana akhale pambali gawo limenelo likafika. Mbuzi yachikuda ikhale ndi gawo lake ndi mphoto yofanana ndi ya Boer. Ndipo mlendo wolemekezeka asadapereke khasu, woweruza aime pafupi ndi chiweto chopambana, achitsekule kukamwa anthu akuona, anene chifukwa chake chapambana.