Kulemba Ndalama za Maganyu, Geni, Lendi ndi Masheya pa Fomu ya Msonkho

Unduna wa Zachuma ukufuna kufotokozera alimi, ochita malonda, ogwira ntchito ndi anthu onse za udindo wolemba pa fomu ya msonkho ndalama zonse zimene munthu wapeza m'chaka. Amalawi ambiri masiku ano sadalira njira imodzi yopezera ndalama. Mphunzitsi amalimanso soya wogulitsa, kalaliki ali ndi nyumba ya lendi, namwino ali ndi njinga yamoto ya kabaza, ndipo wachinyamata wodziwa kompyuta amagwira maganyu a pa intaneti. Lamulo la msonkho la Taxation Act limaphatikiza ndalama zoterezi pa dzina la munthu mmodzi, ndipo msonkho umawerengedwa pa zonse pamodzi. Ntchito yotolera msonkhowu ili m'manja mwa bungwe la Malawi Revenue Authority, lodziwika kuti MRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 ndipo linayamba ntchito m'chaka cha 2000.

Msonkho wodulidwa kale sutseka nkhani

Anthu ambiri olembedwa ntchito amaganiza kuti popeza abwana awo amadula msonkho wa PAYE pa malipiro mwezi ndi mwezi, ndiye kuti za msonkho zatha. PAYE imakhudza malipiro okhawo amene wolemba ntchito akupereka. Wolemba ntchitoyo sadziwa za shopu yanu, za lendi imene mumatolera kapena za kontirakiti imene munagwira nthawi ya tchuthi. Ndalama zimenezi wozilemba ndinu eniake.

Chifukwa chake n'chakuti msonkho wa munthu umakwera molingana ndi kuchuluka kwa zimene wapeza. Gawo loyamba la ndalama silidulidwa msonkho, ndipo magawo otsatira amadulidwa pa mlingo wokwererapo. Gawo losadulidwalo munthu amapatsidwa kamodzi, ngakhale atakhala ndi njira zinayi zopezera ndalama. Choncho amene malipiro ake a pamwezi anadutsa kale gawo limeneli sangaligwiritsenso ntchito pa phindu la geni yake. Milingo ya msonkho imavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo ndipo imatha kusintha ndi ndondomeko ya zachuma ya chaka chilichonse, kotero podzaza fomu gwiritsani ntchito milingo ya chaka chimene ndalamazo zinapezedwa.

Palinso msonkho umene wolipira amadula asanakupatseni ndalama, wotchedwa withholding tax. Umadulidwa pa lendi, pa komishoni, pa malipiro a akatswiri ogwira ntchito paokha, pa zamtengatenga, pa chiwongoladzanja cha kubanki, komanso pa zokolola monga fodya wogulitsidwa ku misika ya Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu. Nthawi zambiri msonkho umenewu uli ngati chikole, chifukwa ndi gawo la msonkho wanu lolipiriratu. Pakutha pa chaka umachotsedwa pa msonkho wonse umene mukuyenera kupereka. Ngati zodulidwazo zachepa, mumalipira zotsalazo. Ngati zapitirira, muli ndi ufulu wopempha kuti zotsalazo zibwezedwe kapena zisungidwire msonkho wina. Amene sapereka fomu amadzitsekera yekha khomo la ufulu umenewu.

Ndalama zimene ziyenera kulembedwa

Pa fomu payenera kuoneka phindu la geni iliyonse, kaya ndi golosale, chigayo, kaunjika, kabaza kapena kugula ndi kugulitsa zokolola. Payenera kuonekanso phindu la ulimi wogulitsa, wa mbewu ngakhalenso wa ziweto. Chimodzimodzi malipiro a ntchito zogwira pawekha monga kumanga, kusoka, kujambula zithunzi pa maukwati, kumasulira zikalata, kuphunzitsa ana mwapadera ndi kupereka upangiri ku mabungwe. Lendi ya nyumba, ya shopu kapena ya munda nayo ndi ndalama yoyenera kulembedwa.

Njira imene ndalama yafikira kwa inu sisintha kanthu. Ndalama yolandira pamanja, ya pa Airtel Money, ya pa TNM Mpamba ndi ya kubanki zonse n'zofanana pamaso pa lamulo. Ndipo amene akugwira ntchito ali m'dziko muno, ngakhale womulipira ali ku Johannesburg kapena ku London, adziwe kuti ntchitoyo yagwiridwira ku Malawi, kotero malipiro ake ayenera kulembedwa kuno. Ngongole imene mwatenga kubanki kapena ku banki mkhonde si phindu. Thandizo limene mwana wanu wakutumizirani kuti mugulire chakudya nalonso si malipiro a ntchito.

Pa ndalama zoikiza kuti zibereke pali kusiyana koyenera kukudziwa. Chiwongoladzanja cha kubanki chimadulidwa msonkho chisanalowe mu akaunti yanu, ndipo muyenera kutenga chikalata chosonyeza zimene zadulidwa. Gawo la phindu limene kampani ya m'dziko muno imagawira eni masheya, kuphatikizapo makampani a pa msika wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, limadulidwa msonkho womaliza kampaniyo isanalipire, ndipo silidulidwanso kachiwiri. Phindu lopezeka pogulitsa katundu monga malo kapena nyumba ya lendi liyenera kulembedwa, pamene nyumba imene munthu amakhalamo monga kwawo kwenikweni lamulo limaiona mosiyana.

Msonkho umawerengedwa pa phindu

Mantha a alimi ndi amalonda ambiri amabwera poganiza kuti msonkho udzawerengedwa pa ndalama zonse zimene agulitsa. Lamulo limalola kuchotsa kaye ndalama zimene munthu wawononga kuti apeze phindulo. Tiyerekeze kuti mphunzitsi wina wagulitsa soya wa K2,400,000. Pa mbewu, lendi ya munda, aganyu, matumba ndi mayendedwe anawononga K1,500,000. Phindu lake ndi K900,000, ndipo ndalama imeneyi ndiyo imaphatikizidwa ku malipiro ake a chaka. Tiyerekezenso kuti kampani yogula soyayo inamudula K72,000 pomulipira. Ndalama imeneyi idzachotsedwa pa msonkho umene wawerengedwa, pokhapokha ngati pali chikalata chotsimikiza kuti inadulidwadi pa dzina lake.

Zowononga za pakhomo monga chakudya, fizi ya ana ndi zovala sizichotsedwa, chifukwa sizinagwire ntchito yopezera phindulo. Katundu wokhalitsa monga galimoto, chigayo kapena makina osokera kawirikawiri sachotsedwa yense chaka chimodzi, koma pang'onopang'ono molingana ndi malamulo ake.

Apa ndi pamene pagona kufunika kwa kaundula ndi malisiti. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Chowonongedwa chimene mulibe umboni wake n'chovuta kuchivomereza. Khalani ndi kope lolembamo tsiku, chimene mwagula kapena kugulitsa, ndi mtengo wake. Aganyu azisayina kapena kudinda chala akalandira malipiro. Aliyense wokudulani msonkho akupatseni chikalata chake nthawi yomweyo. Ngati n'kotheka, ndalama za geni zikhale ndi akaunti kapena nambala ya foni yakeyake, yosiyana ndi ya pakhomo. Mapepala onsewa asungidwe bwino ngakhale chaka chitatha, pakuti MRA ili ndi mphamvu yofunsa za zaka za m'mbuyo.

Kalembera, masiku ndi kalipiridwe

Choyamba n'kukhala ndi nambala ya wokhoma msonkho yotchedwa TPIN. Nambalayi imaperekedwa ku maofesi a MRA, ndipo munthu amafunika kusonyeza chiphaso chake cha unzika. Perekani nambala imeneyi kwa aliyense wokulipirani, kuti msonkho umene wadula ulembedwe pa dzina lanu. Fomu ingathe kudzazidwa kudzera pa intaneti pa Msonkho Online, ndipo amene sangathe kutero athandizidwa ku ofesi ya MRA imene ali nayo pafupi.

Kuyambira mu 2022 chaka cha zachuma cha boma chimayamba pa 1 Epulo ndi kutha pa 31 Malichi. Fomu ya msonkho iyenera kuperekedwa pasanathe masiku 180 chaka cha msonkho chitatha. Kwa amene chaka chake chimatha pa 31 Malichi, masiku amenewa amakwana m'sabata yomaliza ya Seputembala. Ochita malonda amayeneranso kulipiriratu msonkho woyerekeza miyezi itatu iliyonse, pasanathe masiku 25 chigawocho chitatha, ndipo zolipiriratu zonse za chaka zisachepere magawo 90 pa 100 a msonkho weniweni. Kwa a geni zing'onozing'ono pali ndondomeko yapafupi yotchedwa presumptive tax, imene imayang'ana kuchuluka kwa malonda a pachaka. Polembetsa, funsani ndondomeko imene geni yanu ikugwamo.

Msonkho ulipiridwe kudzera m'mabanki ndi njira zina zimene MRA inavomereza, ndipo mulandire umboni wa malipirowo. Musapereke ndalama ya msonkho m'manja mwa munthu aliyense amene akulonjeza kuti akukonzerani zinthu mwamseri.

Zotsatira za kubisa, ndi ufulu wodandaula

Amene wachedwa kupereka fomu kapena wabisa zina mwa ndalama zake amalipira chindapusa ndi chiwongoladzanja pamwamba pa msonkho. Komanso mkulu wa bungwe la MRA ali ndi mphamvu yoyerekeza yekha phindu la munthu amene sanapereke fomu, ndipo zikatero ntchito yosonyeza kuti chiwerengerocho n'cholakwika imagwera mwini geni. Dziwaninso kuti kampani kapena bungwe limene linakudulani msonkho limapereka lipoti lake ku MRA, kotero ndalama imene simunailembe ingathe kuonekera kuchokera mbali inayo. Wosalongosola za msonkho amavutikanso kupeza chikalata cha Tax Clearance Certificate, chimene chimafunika pochita malonda ndi boma ndi posintha umwini wa malo.

Ngati simukugwirizana ndi msonkho umene mwawerengeredwa, lembani dandaulo lanu kwa mkulu wa MRA mwamsanga, mutaphatikizapo umboni wanu. Mukapanda kukhutira ndi yankho lake, malamulo a 2021 anakhazikitsa bwalo la Revenue Appeals Tribunal lomva madandaulo otere.

Unduna ukupempha onse amene ali ndi njira yoposa imodzi yopezera ndalama kuti ayambe lero kusonkhanitsa malisiti ndi zikalata zawo, alembetse TPIN ngati alibe, ndipo apereke fomu nthawi isanathe. Amene sanalembe ndalama za zaka zapitazo akulangizidwa kupita okha ku ofesi ya MRA kukalongosola, asanafunsidwe.

Ofesi Yofalitsa Nkhani
Unduna wa Zachuma