Madzi Oziziritsa Injini ya Galimoto

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, kapena munaonapo galimoto itaima m'mbali mwa mseu, nthunzi ili tolotolo kucokera ku injini. M'phunziro la lero tikamba za madzi amene amaziziritsa injini, ndiponso za kasankhidwe kake pamene mwini galimoto atsuka rediyeta.

Injini imatentha kwambiri cifukwa mafuta amayaka m'kati mwake. Madzi amazungulira m'njira zing'onozing'ono za m'injini natenga kutenthako, ndi kupita nako ku rediyeta kumene mphepo imawaziziritsa. Madziwo akalephera nchito yao, injini ingathe kuonongeka ndipo kuikonza kumadya ndalama zambiri.

Anthu ambiri amathira madzi a pampopi okha. Iwo amati mankhwala amene amakaniko amawacha coolant ndi a ku maiko ozizira, kumene madzi amaundana. N'zoona kuti mankhwalawa akasakanizidwa ndi madzi theka ndi theka saundana kufikira kuzizira kutafika madigiri 37 pansi pa ziro, ndipo kuno kwathu sikuzizira cotero. Koma ali ndi nchito zina ziwiri zimene ife tizifuna.

Yoyamba ndi kucedwetsa kuwira. M'mbali mwa nyanja yamcere madzi amawira pa madigiri 100, koma pa malo okwera monga Lusaka amawira msanga, pafupifupi pa madigiri 96. Mankhwalawa, pamodzi ndi citsekero ca rediyeta cogwira bwino, amathandiza kuti madzi asawire msanga. Yaciwiri, imene ili yaikulu, ndi kuletsa dzimbiri. Madzi okha amadya citsulo ndi aluminiyamu pang'onopang'ono. Ndiponso madzi a m'zitsime zambiri za mu Lusaka amadzera m'miyala ya laimu, motero amasiya zoyera zolimba zonga zija muziona pansi pa ketulo. Zoyerazo ndi dzimbiri zimatseka timipope ta rediyeta.

Nanga mwini galimoto asankhe mankhwala ati? Pano m'pamene ambiri amasokera, pakuti amayang'ana maonekedwe okha: obiriwira, ofiira kapena abuluu. Maonekedwewo ndi utoto cabe umene opanga amathiramo, ndipo mabotolo awiri ofanana utoto angakhale ndi mankhwala osiyana. Mankhwala a mtundu wakale amatha mphamvu patapita zaka ngati ziwiri, pamene a mitundu yatsopano amafika zaka ngati zisanu. Magalimoto a ku Japan ndi a ku Ulaya kawirikawiri safuna mtundu umodzi. Kusakaniza mitundu kumacepetsa mphamvu yoletsa dzimbiri, ndipo nthawi zina kumapanga zamatope. Cifukwa cace mwini galimoto awerenge buku la galimoto yace, nagule mtundu umene walembedwamo. Awerengenso pabotolo, pakuti ena amabwera osakaniza kale, ena amafuna kuwonjezera madzi oyeretsedwa, aja amene amathira m'batire, osati asidi.

Potsuka, injini iyambe yazizira ndithu. Madzi akale akhetsedwe m'beseni, kenaka athiremo madzi oyera mobwerezabwereza kufikira otuluka atayera. Pamenepo athire mankhwala atsopano ndi kuliza injini kuti mpweya wotsalira utuluke.

Tsono ananu, mverani cenjezo ili. Musayandikire munthu amene atsegula rediyeta injini ili yotentha, pakuti madzi owira amathovoka ndi kuocha nkhope. Mankhwala ambiri otere ali ndi ethylene glycol, amene amatsekemera koma ndi poizoni woononga impso. Asasungidwe m'botolo la zakumwa, ndipo agalu ndi nkhuku asamwe otayika pansi. Mwana akamwako, athamangire naye kucipatala nthawi yomweyo.

Inu aphunzitsi, ikani msomali m'botolo la madzi ndi wina m'botolo louma. Patapita sabata imodzi, ana afotokoze zimene aona, ndipo anene cifukwa cace madzi okha sakwanira m'rediyeta.