Akazi a M'madzi ndi Nyama Yotchedwa Nguva



Makolo ndi aphunzitsi a katekisimu amakumana kaŵirikaŵiri ndi funso ili kuchokera kwa ana: kodi nzoona kuti pansi pa madzi pamakhala mkazi watsitsi lalitali, amene kumtunda kwake ndi munthu koma kumunsi ndi nsomba? Funso limeneli tisalipeputse ai, pakuti ngakhale akuluakulu ambiri amakhulupirira zimenezi. Ku Zimbabwe mkazi wotere amamutcha njuzu, ku Zambia ndi ku Congo amati mamba muntu, pamene kuzambwe kwa Africa amati Mami Wata. M'chaka cha 2012 nduna yoona za madzi ku Zimbabwe idauza aphungu kuti antchito adathaŵa pa madamu a ku Gokwe ndi ku Mutare chifukwa choopa njuzu.

Tiyankhe moona: palibe msodzi kapena katswiri amene adagwirapo cholengedwa chotere nkuchionetsa poyera. Komabe m'nyanja zamchere muli nyama ina imene idathandiza kuti mbiriyi ifale. Mu Januwale 1493, mlendo wapanyanja uja Christopher Columbus, ali pafupi ndi chilumba chimene lero pali maiko a Haiti ndi Dominican Republic, adalemba kuti waona akazi a m'madzi atatu, koma adadandaula kuti sadali okongola monga amawajambulira. Lero akatswiri amavomerezana kuti adaona nyama zotchedwa manatee.

Mbale wake wa nyama imeneyi amakhala kufupi ndi ife, m'nyanja yamchere ya Indian Ocean. Azungu amaitcha dugong, koma Aswahili amati nguva, ndipo liu lomwelo m'chinenero chao limatanthauzanso mkazi wa m'madzi. Nguva si nsomba. Imapuma mpweya monga ife, choncho imatulutsa mphuno pamwamba pa madzi pafupipafupi. Imabala mwana wamoyo ndi kumuyamwitsa, ndipo maŵere ake ali m'khwapa, pafupi ndi zipsepse zakutsogolo. Kutalika kwake kumafika mamita 3, ndipo ingathe kukhala ndi moyo zaka 70. Tsono taganizani msodzi ali m'bwato kukuda, naona mutu wozungulira ukuvuuka, kamwana kali pambali pake. Kodi pobwerera kumudzi akasimba zotani?

Nyama imeneyi ndi yofatsa. Chakudya chake ndi udzu womera pansi pa nyanja m'malo osaya, umene imadya monga ng'ombe padambo. Udzu womwewo ndi umene umabisa tinsomba tating'ono kufikira titakula, nchifukwa chake malo amene nguva ikupeza chakudya ndi malonso amene msodzi adzapeza ndiwo.

Apa ndi pamene pali chisoni. Nguva imakhala ndi bere kupitirira chaka chathunthu, imabala mwana mmodzi yekha, ndipo pamapita zaka zitatu kapena kuposerapo isanabalenso. Ikakodwa m'matchera imalephera kukwera kukapuma, nimira nkufa. Zina zimagundidwa ndi maboti a injini, zina zimasoŵa chakudya chifukwa matope ndi zonyansa zochokera kumtunda zakwirira udzu uja. M'chaka cha 2022 bungwe la IUCN, limene limaŵerengera zolengedwa zimene zili pafupi kutha, lidalengeza kuti kuvuma konse kwa Africa kudatsala nguva zikuluzikulu zosakwana 250. Zambiri mwa izo zili pa zilumba za Bazaruto ku Mozambique, malo amene adakhazikitsidwa kukhala otetezedwa m'chaka cha 1971.

Wina anganene kuti nyanja njaikulu, zamoyo zake sizingathe. Mvetserani mbiri iyi. M'chaka cha 1741 katswiri wina dzina lake Georg Steller adapeza mbale wina wa nguva, wamkulu koposa, m'nyanja yozizira ya Bering. Alenje atamva kuti nyamayo njonona ndi yosavuta kupha, adathamangirako. Pofika 1768, patangopita zaka 27, sidaonekenso mpaka lero. Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka.

Onani tsono kupusa kwathu, abale anga: timanjenjemera ndi cholengedwa chimene kulibe, pamene tikumaliza cholengedwa chimene Mulungu adalengadi. Makolo a mitundu yambiri ankaopa maiŵe ena, osataya zonyansa m'menemo, osaphamo nsomba mwachisawawa, ndipo mantha amenewo adasunga madzi. Pa ichi tiwapatse ulemu. Koma mlonda wotchedwa mantha sakhalitsa pantchito. Munthu akangozindikira kuti m'dziŵe mulibe njuzu, amabwera ndi ukonde wake usiku womwewo. Ife akhristu sitiopa mizimu ya m'madzi, pakuti Ambuye athu adayenda pa nyanja naletsa namondwe. Chimene chiyenera kutigwira dzanja ndi udindo. Buku la Genesis limatiphunzitsa kuti zamoyo za m'madzi adazilenga ndi Mulungu, ndipo munthu adamuika m'munda kuti aulime ndi kuusamala. Malemu Papa Francis adatikumbutsa zomwezi m'kalata yao ya Laudato Si' m'chaka cha 2015, natchula dziko lino kuti nyumba ya ife tonse.

Mwina mukuti, ife tili kutali ndi nyanja yamchere, zikutikhudza bwanji? Madzi a m'Nyanja ya Malaŵi amatuluka ndi mtsinje wa Shire, Shire amathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amakathera m'nyanja yomweyo mmene mumakhala nguva. Jumbo limene mwataya m'ngalande ndi nthaka imene yakokoloka poti mwalima m'mphepete mwa mtsinje zili pa ulendo umenewo. Ndiponso amene amapha chambo nthaŵi yoswana, kapena kukokola tinsomba ndi neti ya udzudzu, akuchita kwathu kuno zomwe zija adachita alenje a ku Bering.

Choncho mwana akakufunsani za mkazi wa m'madzi, musamuopseze ndiponso musamuseke. Muuzeni za nguva ndi mwana wake, kenaka mupite naye kumtsinje mukatole mapulasitiki. Mulungu Mlengi wa nyanja ndi mtunda akudalitseni nonse. Amen.