Chilolezo cha pulogalamu pa flashi: zimene wojambula mawu pa tabuleti ayenera kudziwa

Wophunzira chinenero amene amajambula mawu a anthu pa tabuleti amafika pofuna kusamutsira mawuwo pa flashi, mwina chifukwa tabuleti yadzaza, mwina chifukwa mphunzitsi akufuna kuwamvera pa kompyuta yake. Apa ndi pamene ambiri amakakamira. Flashi yalowa, pulogalamu yoonera mafayilo ikuiona bwinobwino, koma pulogalamu yojambulira mawu ikuchita ngati palibe chimene chalumikizidwa. Munthu amapita ku Settings n'kuyatsa chilichonse chooneka ngati chilolezo, osaphula kanthu. Chimene ndikufuna kufotokoza m'nkhani ino n'chakuti kawirikawiri chilolezo cholowera pa flashi sichipezeka kumeneko. Chimaperekedwa pa nthawi imene mukuloza foda ndi chala chanu, ndipo kukula kwa foda imene mwalozayo ndiko kukula kwa chilolezocho.

Kafukufuku wanga ndi wa Chichewa cholankhulidwa m'mabanja ochokera ku Malawi amene amakhala ku Wigston, tauni ya kum'mwera kwa mzinda wa Leicester, ndi m'madera oyandikana nayo monga Oadby. Ena mwa mabanjawa ndi achimwenye amene anachoka ku Malawi m'zaka za m'ma 1970, boma la Dr Kamuzu Banda litalamula kuti amalonda achimwenye achoke kumidzi n'kukakhala m'mizinda ikuluikulu. Akuluakulu ena a m'mabanja amenewa Chichewa amachilankhulabe. Mabanja ena anabwera pambuyo pake kudzaphunzira kapena kudzagwira ntchito. Zolankhula za anthuwa sizingasungidwe papepala pokha, chifukwa kalembedwe kathu sikasonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika timalemba mofanana, koma khutu limamva kuti woyambawo ukukwera pa "te" pamene wachiwiriwo ukungoyenda pansi. N'chifukwa chake timajambula, ndipo timajambula mu WAV, mtundu wa fayilo umene sutaya kanthu pofuna kuchepetsa kukula. Ola limodzi la WAV pa 48 kHz, 16-bit, mayikolofoni imodzi, limadya pafupifupi 346 MB. Mukawonjezera kanema, tabuleti yotsika mtengo imadzaza sabata isanathe.

Za chingwe sindichedwapo. Tabuleti iyenera kukhala ndi luso lotchedwa USB On-The-Go, mwachidule OTG, limene limaichititsa kukhala ngati kompyuta yopatsa flashi magetsi ndi kuilamulira. Tabuleti za polowera pa USB-C zimalandira flashi ya USB-C mwachindunji, pamene zakale za micro-USB zimafuna kachingwe ka OTG. Pa zipangizo za makampani ena, monga Oppo, OTG imayamba yayatsidwa ku Settings ndipo imazima yokha ikakhala mphindi 10 osagwira ntchito. Ngati pulogalamu yoonera mafayilo, monga My Files pa Samsung kapena Files by Google, ikuonetsa flashi, ndiye kuti chingwe chilibe mlandu.

Chisokonezo chenicheni chimayambira pa mawu, ndipo izi ziyenera kusangalatsa ife ophunzira zinenero. M'Chingerezi cha tsiku ndi tsiku "external storage" ndi chosungira chakunja, chimene mumalumikiza ndi kuchotsa. M'chilankhulo cha opanga Android mawu omwewa amatanthauzanso gawo la mkati mwa tabuleti limene mapulogalamu onse amagawana, muja mukhala zithunzi, nyimbo ndi foda ya Download. Dzinali linatsalira kuchokera nthawi imene mafoni ankasunga zinthu zotere pa kamemori khadi. Choncho wophunzira akawerenga pa intaneti kuti pulogalamu yake "ili ndi chilolezo cha external storage", amaganiza kuti nkhani ya flashi yatha, pamene chilolezocho chikunena za m'mimba mwa tabuleti momwemo.

Malamulo ake asinthanso kangapo, ndiye malangizo akale amasocheretsa. Android 6.0 isanatuluke mu 2015, munthu ankavomera zilolezo zonse pamodzi poika pulogalamu. Kuyambira chaka chimenecho pulogalamu imapempha pa nthawi imene ikufuna chinthucho. Mu 2019 Android 10 inabweretsa dongosolo loti pulogalamu iliyonse izikhala m'chigawo chakechake, ndipo Android 11 ya 2020 inalimbitsa lamuloli. Android 13 ya 2022 inagawa chilolezo chowerengera chija patatu: zithunzi, makanema ndi mawu. Njira yonse ikupita kumodzi, kuchepetsa zimene pulogalamu ingaone popanda inu kuilozera.

Kulozerako kumachitika chonchi. Musanatsegule pulogalamu yojambulira, pangani foda pa flashi pogwiritsa ntchito pulogalamu yoonera mafayilo, muitche dzina lomveka, mwachitsanzo Chichewa_Wigston. Kenako lowani mu pulogalamu yojambulirayo, mupeze pamene imafunsa kosungira kapena kotumiza mafayilo. Mukadina pamenepo pamatseguka tsamba looneka mosiyana pang'ono ndi pulogalamuyo. Tsambali si la pulogalamu ayi, ndi la Android yeniyeniyo, ndipo pulogalamu sikuona zimene inu mukuona pa nthawi imeneyi. Poyamba limakonda kuonetsa za mkati mwa tabuleti zokha. Dinani timizere titatu ta pakona yakumtunda kumanzere, ndipo dzina la flashi lioneka pamndandanda. Lowani mu flashi, lowaninso mu foda munapanga ija, kenako dinani batani la pansi lolembedwa "Use this folder". Android ikufunsani kachiwiri, ndipo mukadina "Allow" chilolezo chaperekedwa. Pa matabuleti amene ndagwiritsa ntchito mawu a pa sikirini amabwera m'Chingerezi, n'chifukwa chake ndawalemba momwe alili.

Ndimauza anzanga kuti aganizire za mlendo amene wanena kuti odi. Mwini nyumba akati lowani, mlendo amakhala pabalaza pamene waonetsedwa. Sapita kuchipinda, sakasuzumira m'nkhokwe. Pulogalamu imene mwailozera foda ya Chichewa_Wigston ingawerenge, kulemba ndi kufufuta m'foda imeneyo ndi m'mafoda a m'kati mwake, basi. Koma mukadina batani lija muli pakhomo penipeni pa flashi, musanalowe mu foda iliyonse, mwapereka flashi yonse. Android 11 imakana kuti mupereke gawo lonse la mkati mwa tabuleti kapena foda yonse ya Download mwanjira imeneyi, koma pa flashi kusamala kumatsalira inuyo.

Pulogalamu yolembedwa bwino imasunga chilolezochi ngakhale mutazimitsa tabuleti. Chimatayika pa zifukwa zodziwika. Android imazindikira flashi ndi nambala yake, osati ndi dzina kapena maonekedwe, ndiye flashi ya mnzanu, ngakhale ikhale yogulidwa sitolo imodzi ndi yanu, imafuna chilolezo chatsopano. Mukafomata flashi nambala ija imasintha. Mukasintha dzina la foda kapena kuisuntha, pulogalamu imapita pamene panali foda n'kupeza palibe. Pa zonsezi mankhwala ake ndi kulozanso foda, osati kuchotsa ndi kuikanso pulogalamu monga ambiri amachitira. Mukafuna kulanda chilolezo, pa matabuleti ambiri mumapita pa tsamba la pulogalamuyo ku Settings, pa gawo la zosungira, pamene pali batani la "Clear access".

Pali funso lina limene limatuluka mukangolumikiza chipangizo, lofunsa ngati mukulola pulogalamu yakutiyakuti kugwiritsa ntchito chipangizo cha USB chimenecho. Ichi ndi chilolezo chosiyana. Chimapatsa pulogalamu mphamvu yolankhula ndi chipangizocho payokha, ndipo chimatha mukachotsa chingwe, pokhapokha mutachonga kuti izitsegula nthawi zonse. N'chofunika pa mayikolofoni ya USB ndi pulogalamu yake. Pa flashi yokhala ndi mawu a anthu, ine ndimakana, pokhapokha ngati ndikuidziwa bwino pulogalamuyo.

Chilolezo chokhacho cha ku Settings chimene chimatsegula flashi ndi chotchedwa "All files access". Dzina lake silinama. Chimapereka mafayilo a m'gawo logawana lonse, memori khadi ndi flashi. Google Play imachilola pa mapulogalamu ochepa amene ntchito yawo yeniyeni ndi yosamalira mafayilo, monga oonera mafayilo, osunga makope ndi olimbana ndi mavairasi. Pulogalamu yojambulira mawu kapena yophunzirira mawu atsopano ikapempha chimenechi, ndimaona kuti yapempha zoposa ntchito yake.

Chifukwa chimene ndikuumirira pa foda yaing'ono n'chakuti pa kafukufuku wathu pali zilolezo ziwiri, ndipo cha pa sikirini ndi chachiwiri. Choyamba chimachokera kwa wolankhula. Mayi amene wavomera kuti ndijambule nkhani ya mmene banja lake linachokera ku Limbe wasayina pepala lonena amene adzamve mawuwo: ine, mphunzitsi wanga, mwina ophunzira m'kalasi. Sanavomere kuti pulogalamu yaulere yodzaza ndi zotsatsa malonda iwerenge fayiloyo. Kuno ku Britain mawu a munthu wozindikirika amatetezedwa ndi Data Protection Act ya 2018 pamodzi ndi UK GDPR, ndipo nalo dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu mu 2024. Nkhani zimene anthu amakamba akamasuka m'chinenero chawo zimakhudza mapepala okhalira m'dziko, matenda, ngongole ndi mikangano ya pachibale, ndipo Amalawi a ku Leicester amadziwana. Ku Wigston komweko, pa Long Street, kuli Record Office for Leicestershire, Leicester and Rutland, nyumba yosungira zolemba zakale za chigawochi. Malo ngati amenewa sapatsa munthu makiyi a mosungira monse. Mumapempha chinthu chimodzi, amakubweretserani chomwecho. Flashi ya wophunzira ndi nyumba yotereyi yaing'ono, ndipo woyang'anira wake ndi wophunzirayo.

Pa iPad mfundo ndi yomweyo. Kuyambira iPadOS 13 ya 2019 flashi imaoneka mu pulogalamu ya Files, ndipo mapulogalamu ena amaifikira kudzera pa tsamba losankhira fayilo kapena foda. Chimene mwasankha n'chimene mwaloleza. Ma iPad a polowera pa Lightning amafuna adaputa, ndipo nthawi zambiri adaputayo imafunanso kulumikizidwa ku magetsi chifukwa flashi imakoka mphamvu yoposa imene iPad ingapereke.

Vuto lina limavala nkhope ya chilolezo pamene silili la chilolezo. Flashi zambiri zazing'ono zimabwera zitafomatidwa mu FAT32, imene silandira fayilo imodzi yofika 4 GB. Mawu okha safika pamenepo kawirikawiri, koma kanema wa ola limodzi wa phunziro kapena wa mapemphero akhoza kupitirira. Kukopera kumalephera, uthenga wake n'kukhala wosamveka, munthu n'kuyamba kufufuza zilolezo pachabe. Mtundu wa exFAT ulibe malire amenewa, ndipo iPad, Windows, Mac ndi matabuleti ambiri atsopano a Android amauwerenga. Fomatani flashi isanalowe kanthu, chifukwa kufomata kumafufuta zonse, kenako mupereke chilolezo.

Pomaliza, ngakhale pulogalamu italola kujambulira pa flashi mwachindunji, ine sindichita zimenezo. Flashi yolendewera pa tabuleti imene ili pa tebulo la m'nyumba ya eni, ana akudutsa ndi tiyi akubwera, imagwedezeka mosavuta, ndipo fayilo ya WAV ikadukira pakati ikhoza kukana kutseguka. Ndimajambulira mkati mwa tabuleti, ndikafika kunyumba n'kukopera mu foda ija, kumvera pang'ono koyambirira ndi kothera kwa kopeyo, kudina "Eject" kapena "Unmount", kenako n'kuzula flashi. Fayilo ya pa tabuleti ndimaifufuta pokhapokha kope lachiwiri litafika pamalo osungira a yunivesite.