Kamtsuko ka Kuchipinda: Shuga ndi Uchembere ku Goliati

Lero tikutengerani ku Goliati, m'dera la Mfumu Chimaliro m'boma la Thyolo, kumene tomato ndi kabichi zimaunjikidwa m'mbali mwa msewu, kumene nkhungu ya chiperoni imafunda dziko kufikira dzuwa litakwera, ndiponso kumene mabanja ambiri, chiyambire masiku amene makolo awo Achilhomwe adawoloka malire kuchokera ku Mozambique nagwa m'goli la thangata, akhala akudyera thukuta la m'minda ya tiyi. Dzina la Goliati lidamveka dziko lonse chifukwa cha malemu Bingu wa Mutharika, amene adabadwira kuderali nagona ku Ndata, kumene lero kuli sukulu yaukachenjede ya sayansi. Koma ife sitinadzere za atsogoleri ayi, tadzera kamtsuko kakang'ono kokhala kuseri kwa chitseko cha kuchipinda.

Tiyeni tilowe m'nyumba ya mayi wachitsikana amene wangolowa m'banja, ndipo tivundukule kamtsukoko. M'kati mwake mulibe madzi akumwa kapena thobwa, koma mchenga wonyowa, ndipo pakati pa mchengawo pali kabotolo kosaposa chala chachikulu, kokulungidwa m'kapepala ka pulasitiki kuti dzina lake lisafufutike. Mankhwala a m'kabotolomo ndiwo insulini, amene amaonongeka ndi kutentha. Tsono popeza nyumbayi ilibe magetsi kapena firiji, dothi la mtsuko potuluka thukuta limaziziritsa za m'kati, monga lakhala likuziziritsira madzi a agogo athu kuyambira kale lomwe. M'mamawa uliwonse, tambala atatsika, mayiyu amapukusa kabotolo pakati pa zikhato zake, nakoka muyeso wake m'jakisoni, nadzibaya pantchafu. Madzulo amateronso, ndipo adzatero masiku onse a moyo wake.

Pakuti nthenda yake si shuga uja wofala pakati pa akuluakulu, amene ambiri amamwera mapiritsi, komanso si shuga wobwera ndi pakati n'kupita mayi akachira. Uyu ndi shuga wa mtundu woyamba, amene kawirikawiri amagwira munthu akali mwana kapena akungosinkhuka, pamene chitetezo cha thupi chisokonezeka n'kuononga timagulu ta m'kapamba topanga insulini. Insuliniyo ndiye amatsekulira chakudya khomo lolowera m'minofu, kotero kuti akasowa, shuga amangodzaza m'magazi pamene thupi likufa ndi njala. Mwana amamwa madzi osakhuta, amataya madzi usiku wonse, nyerere zimatsata pamene wakodza, ndipo amaonda chikhalirecho akudya. Tinene pano momveka, chifukwa makolo ambiri adzigamula mlandu umene sadapalamule: nthendayi sibwera chifukwa mwana adanyambita shuga wambiri, si mdulo, si kulodzedwa, ndipo palibe muzu wa m'thengo umene ungalowe m'malo mwa kabotolo kaja.

Mankhwala amenewa ndi amsinkhu umodzi ndi tiyi wina amene tikumuona m'mapiri a Thyolo. M'chaka cha 1921, mumzinda wa Toronto ku Canada, Frederick Banting ndi Charles Best adatulutsa insulini m'kapamba wa nyama, ndipo mu Januwale 1922 mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, adakhala munthu woyamba kubayidwa. Chaka chotsatira, cha 1923, chimene Maclean Kay adayamba esiteti ya Satemwa, ndicho chimene Banting adalandira mphoto ya Nobel. Zisanachitike izi, mtsikana wogwidwa ndi nthendayi kawirikawiri sankafika pa msinkhu wa uchembere, ndipo owerengeka amene ankaima ankataya mwana, kawirikawiri pamodzi ndi moyo wawo. Kudatengera dokotala wachizimayi, Priscilla White, amene adayamba ntchito pachipatala cha Joslin ku Boston mu 1924, kuti apereke zaka makumi asanu za moyo wake kwa amayi oterewa. Poyamba paja ana opulumuka anali ngati theka lokha, koma pamene ankapuma pantchito, oposa 90 mwa ana 100 alionse ankabadwa amoyo. Chotero mtsikana wa ku Goliati akafunsa ndi mtima wosweka ngati iye angabereke, yankho loona ndi lakuti inde, angathe ndithu. Koma njira yake ili ndi malamulo, ndipo loyamba mwa malamulowo limawombana ndi mwambo wathu.

Mwambo wathu umati pakati sipalengezedwa. Mkazi akadumpha mwezi amakhala chete, auza mwina mwamuna wake yekha kapena agogo ake, poopa maso oipa ndi malilime a anthu. Ndipo ngati ndi mimba yoyamba, amadikira kufikira itaoneka, pamene anamkungwi amasonkhana kudzamulanga pa chisamba, namuuza za kudika, za zakudya zosala, ndi za kulimba mtima pa tsiku la kuchira. Ine mwambo umenewu sindiunyoza, pakuti muli ulemu ndi chifundo m'menemo, ndipo amayi ambiri adapeza mphamvu m'mawu a ntchembere zija. Koma taonani chovuta chake. Mtima wa mwana, ubongo wake ndi msana wake zimaumbidwa m'masabata asanu ndi atatu oyambirira, nthawi imene mayi mwini akali kukayika ngati waimadi. Ndipo ngati m'masiku amenewo shuga ali pamwamba, ndi pamene pamachokera kupita padera, mtima woboola, ndi msana wosatsekeka. Pofika tsiku la chisamba, kapena tsiku limene mayi ayamba sikelo ali ndi miyezi isanu monga achitira ambiri, woumba adaumba kale ndipo mbiya idauma. Akulu adati m'mera mpoyamba. Kwa mayi wa shuga, ngakhale m'mera womwewo ndi mochedwa, pakuti nkhani yake iyenera kukambidwa mbewu isanagwe m'nthaka.

Tanthauzo lake ndi lakuti mkazi ndi mwamuna wake apite pamodzi kuchipatala, kaya chachikulu cha boma ku Thyolo, kaya ku Malamulo, kaya ku Nguludi, kaya ku Queen Elizabeth mu Blantyre kumene kuli tsiku la odwala shuga, akanene mawu amene pachikhalidwe chathu ndi olemera kuwatulutsa: tikufuna mwana. Adokotala adzawapempha kuti ayambe alera kwa miyezi ingapo pamene shuga akukonzedwa, ndipo adzayeza magazi ndi muyeso wotchedwa HbA1c, umene umaulula mmene shuga wayendera pa miyezi itatu yapitayo. Akatswiri amafuna ufike kufupi ndi 6.5, ndipo ukapitirira 10 amalangiza kuti banja lidikire ndithu. Adzapereka mapiritsi a folic acid a mamiligalamu 5, oposa amene amayi ena amalandira kusikelo, oti ayambidwe pakati pasanakhale ndi kumwedwa mpaka sabata la 12. Adzayeza impso, adzatumiza mayi kukaonetsa maso, pakuti mitsempha ya m'maso yofooka ndi shuga imatha kuipiraipira pa nthawi ya pakati. Ndipo ngati mayi amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi onga enalapril, adzamusinthira ena osavulaza mwana. Kudikira kumeneku kuli ndi minga yake, chifukwa chaka chikatha pakhomo pali zii, apongozi ndi alamu amayamba kufunsa za mphatso. Apa ndi pamene mwamuna wanzeru, pamodzi ndi mwini mbumba, amayenera kuima pakati n'kunena kuti, amayi, tikudikira mawu a kuchipatala.

Pakati pakakhala, miyezi itatu yoyamba imabwera ndi ngozi ya mtundu wina, ya kutsika kwa shuga. Mseru umakaniza mayi chakudya pamene insulini walowa kale m'thupi, ndipo mwadzidzidzi, ali pamtondo kapena ali pakati pa mizere ya tiyi dengu lili kumsana, thukuta lozizira limamutuluka, manja amanjenjemera, maso amachita chidima, nayamba kuyankhula zosamveka ngati woledzera. Anthu osadziwa amathamangira kunena za mizimu, pamene chofunika ndi masupuni atatu kapena anayi a shuga osungunula m'kapu ya madzi, kenaka nthochi kapena mbatata pamwamba pake. Akakomoka, asamuthire madzi m'kamwa ayi. Amugoneke cham'mbali, apake shuga m'kati mwa tsaya, ndipo wina athamangire njinga yamoto. N'chifukwa chake chinsinsi chija sichingasungidwe kwa onse: mwamuna, amayi ake, mnzake woyandikana naye pantchito, ngakhale kapitawo, ayenera kudziwa za shuga womangidwa pa ngodya ya chitenje chake. Ndipo likhalepo lamulo limodzi losaphwanyika, lakuti ngakhale mayi akusanza osadya kanthu, kapena wagwidwa malungo, insulini sasiyidwa. Apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa thupi losowa insulini limadzaza asidi m'magazi, ndipo mwana wa m'mimba sapirira zimenezo.

Kuyambira mwezi wachinayi kapena wachisanu zinthu zimatembenuka. Nsengwa, imene imadyetsa mwana, imatulutsa timadzi tolimbana ndi insulini, kotero kuti muyeso umene unkakwanira dzana sukwanira lero, ndipo pofika miyezi yotsiriza amayi ena amabaya kuwirikiza kawiri. Izi sizitanthauza kuti nthenda yakula, ndi mmene pakati payendera. Dokotala wina wa ku Copenhagen, Jørgen Pedersen, adalongosola mu 1952 kuti shuga wa mayi amawoloka nsengwa koma insulini wake sawoloka. Mwana tsono, polandira shuga wosefukira, amapanga insulini wakewake wambiri, nanenepa mopitirira. Kwathu kuno mwana wonenepa timamuyimbira nthungululu, timati wabadwa bwino. Koma ichi ndi chikomekome cha mkuyu, pakuti mwana wotereyu amakakamira mapewa panjira, mapapo ake amachedwa kukhwima, ndipo nthawi zina amangozizira m'mimba masiku atatsala pang'ono.

Miyeso imene akatswiri amaika ndi iyi: m'mamawa mayi asanadye, shuga akhale pansi pa 5.3, kapena 95 pa makina owerenga mwa mtundu winawo. Patatha ola limodzi atadya, pansi pa 7.8, kapena 140. Ndipo asatsike kupitirira 4. Kunena manambalawa pa wailesi n'kosavuta, koma ine mtima umandiwawa ndikamawatchula, chifukwa kuti munthu awatsate ayenera kudzibaya chala kangapo pa tsiku, ndipo timapepala toyezera tija mtengo wake suyenderana ndi malipiro a wothyola tiyi kapena phindu la dengu la tomato. Onjezani apo kuti miyezi imene tiyi amaphuka kwambiri, ntchito n'kuchuluka, ndiyo miyezi ya Januwale ndi Febuluwale imene nkhokwe zimakhala mbee. Mayi wobaya insulini amene sadziwa ngati adya masana ali pakati pa moto ndi madzi. Chimene banja lingathe, lichite: nsima ikhale ya mgaiwa, mitanda yochepa koma yosadumphitsa nthawi, ndiwo zamasamba zochuluka, nandolo, nyemba, usipa, mazira ngakhale ena amawasala, ndi mapeyala amene Thyolo adadalitsidwa nawo, tiyi amwe wopanda shuga, ndipo thobwa ndi zakumwa za m'botolo zisungidwire ola la kutsika kwa shuga. Chimene banja silingathe, ndicho timapepala ndi insulini wosadukiza, ndi ngongole ya ife tonse kwa amayi amenewa, ndipo a bungwe la Diabetes Association of Malawi sayenera kuyankhula okha.

Mayi wotereyu sachirira kumudzi, kapena pachipatala chaching'ono, koma pamene pali madokotala otha kuchita opaleshoni ndi chipinda cha ana obadwa ndi mavuto. Kawirikawiri sadikira kuti masiku akwane onse, pakuti madokotala amakonza zoti achire m'sabata la 37 kapena 38, ndipo miyendo ikatupa, mutu ukamawawa, kapena mwana akachepetsa kugunda, sayembekeza tsiku la sikelo. Chotero amanyamula beseni, zitenje ndi kabotolo kake, napita kuchidikiro nthawi ikadalipo, amayi ake ali pambuyo ndi mtolo wa nkhuni. Nsengwa ikangotuluka, kulimbana kuja kumatha pomwepo, ndipo muyeso wa insulini umatsitsidwa tsiku lomwelo kubwerera kufupi ndi wakale. Khandalo, limene lazolowera shuga wambiri, limaikidwa kubere msangamsanga, ndipo anamwino amalibaya kachidendene kuona ngati shuga wake sanagwe. Kuyamwitsa nakonso kumatsitsa shuga wa mayi. N'chifukwa chake usiku wa m'chikuta, pamene khanda lilira ndipo nyali yayatsidwa, gogo wa mwanayo amayamba wasendeza kambale ka phala pafupi ndi mphasa, nati, idya kaye mwana wanga, kenaka umupatse bere.