Kulimba kwa girizi sikusonyeza mphamvu yake

Ogula girizi ambiri pamsika wa Karonga amayamba ndi kutsegula chitini n'kupisamo chala. Akapeza kuti ndi wolimba, makamaka akakhala wofiira, amati uyu ndiye woyenera lole yonyamula matumba a mpunga kuchokera ku Kaporo. Komatu chala sichingayeze mphamvu, ndipo kufiirako ndi utoto chabe wothiridwa kufakitale. Wogulitsa akavomereza maganizo amenewa, maberingi akapsa panjira mlandu umabwerera pabenchi lake.

Nambala yolembedwa kuti NLGI 2 kapena NLGI 3 imangonena kulimba. Muyesowu umayambira pa 000, girizi wonga phala, kukafika pa 6, wouma ngati sopo, ndipo magalimoto ambiri amafuna 2. Zitini ziwiri zolembedwa 2 zikhoza kusiyana kutali pa katundu amene zingapirire.

Choyamba kufufuza ndi zilembo EP. Zimatanthauza kuti m'girizimo muli mankhwala oteteza zitsulo pamene katundu wazipanikiza mpaka mafuta kufinyika pakati pake. Koma EP ndi dzina chabe, umboni wake ndi nambala yotchedwa Four-Ball Weld Load. Poyeza, amamanga timipira titatu tachitsulo m'girizi, kachinayi n'kumazungulira pamwamba pake, ndipo amawonjezera kulemera mpaka tonse titamatirirana ngati towotcherera. Kulemera kumene izi zachitikira n'kumene kumalembedwa, m'ma kgf. Girizi wokhala ndi chizindikiro cha GC-LB, chosonyeza kuti ndi woyenera maberingi a mawilo komanso zolumikizira za pansi pa galimoto, sayenera kutsika pa 200. Ambiri a EP amafika 250, ndipo wa 315 kapena 400 ndi amene mwini lole angamukhulupirire. Manambalawa si matani amene galimoto inganyamule ayi. Ntchito yake ndi kuyerekeza chitini ichi ndi icho. Makampani ena amalemba Timken OK Load m'malo mwake, ndipo pamenepo mapaundi 40 kupita m'mwamba ndiye girizi wa EP weniweni.

Katundu wolemera amabwera ndi kutentha. Lole yotsika Chiweta kulowera ku Karonga imayenda mabuleki ali ogwira, ndipo moto wake umafika m'maberingi. Apa nambala yofunika ndi Dropping Point, pamene girizi amayamba kusungunuka. Wa calcium wamba amasungunuka chapafupi ndi madigiri 100, wa lithium pafupifupi 190, pamene wa lithium complex amapitirira 250. Wa calcium uja si woipa: madzi samuchotsa msanga, choncho amathandiza pa ngolo ndi njinga za kabaza nthawi ya mvula. Kungoti malo ake si m'mawilo a lole.

Girizi wakuda wolembedwa Moly amachita bwino pa mapini ndi zolumikizira zoyenda pang'onopang'ono zitasenza katundu, koma ambiri samulimbikitsa pa maberingi othamanga.

Vuto lalikulu lili pa malonda opima. Girizi wambiri amalowa kudzera pachipata cha Songwe m'zidebe zikuluzikulu, kenako n'kugawidwa m'timabotolo ndi m'timajumbo topanda dzina. Akangochoka m'chidebe, zonse zolembedwa zatsala kumbuyo, ndipo makanika akasakaniza mitundu iwiri yosagwirizana girizi amatha kufewa n'kutayikira m'mabuleki. Wamalonda wochenjera amasunga chidebe chenicheni pabenchi, amalemba mtundu pa kabotolo kalikonse, ndipo manambala akapanda kuoneka pachidebe amafufuza pa intaneti pepala la kampani lotchedwa Product Data Sheet pogwiritsa ntchito dzina la girizi. Chithunzi cha pepalalo pafoni chimafotokozera kasitomala chifukwa chake kabotolo kena n'kodula kuposa kanzake.